Galamafoni ya kabati pa okushoni: muyang'ane chiyani musanakweze dzanja?

Funso

Ndine Mmalawi wokhala ku Leicester, m'dziko la England. Agogo anga aamuna anali ndi galamafoni imene anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo ngakhale inawonongeka ine ndili mwana, kulira kwake sikunandichoke m'makutu. Pa okushoni ina ya katundu wakale kuno aika magalamafoni awiri a kabati. Yoyamba ndi yaikulu, yonyezimira, ya miyendo yosemedwa bwino, koma dzina lake sindinalimvepo. Yachiwiri ndi yooneka wamba, ya matabwa a oak, ndipo m'katalogu alemba kuti ndi HMV 163. Mitengo yoyerekeza imene alemba ndi yofanana. Ndigule iti, ndipo ndilipire zingati? Kodi kusonkhanitsa zinthu zimenezi kungakhale njira yosungira ndalama? Ndikufunanso kudzaitumiza kumudzi ndikamadzabwerera.

Yankho

Bambo, pa magalamafoni awiriwo, imene ine ndingakwezere dzanja ndi HMV 163, bola ngati za m'kati mwake zilipo zonse ndipo ndi zakezake. Munthu akamagula galamafoni ya kabati, chimene akulipirira kwenikweni si matabwa amene maso ake akuona, koma zinthu zitatu zimene ambiri saziyang'ana: lipenga lopindidwa m'mimba mwa kabatiyo, mutu umene umagwira singano, ndi injini ya sipuling'i imene imazungulitsa mbale. Matabwa, mmisiri wodziwa ntchito yake angathe kuwakonza, koma lipenga limene linatuluka m'fakitale lili lolakwika kale palibe amene angaliwongole.

Galamafoni yopukusa ilibe magetsi ndipo ilibe chokuzira mawu chilichonse cha mawaya. Singano ikamayenda m'kamzere ka mbale imagwedezeka uku ndi uku, kugwedezekako kumafika pa nembanemba yopyapyala ya m'mutu muja, umene m'makatalogu amaulemba kuti soundbox, ndipo nembanembayo imakankha mpweya monga chimachitira chikopa cha ng'oma. Mpweyawo umadutsa mu mkono wachitsulo n'kulowa m'lipenga, limene limanka litakata pang'onopang'ono mpaka kukamwa kwake. Mphamvu yonse ya mawu amene mumamva m'chipinda imachokera pa kansonga ka singano basi, ndipo ntchito ya lipenga ndi kuonetsetsa kuti mphamvu yochepayo isatayike panjira. Lipenga lalitali, lotakata mwa muyeso woyenera, limatulutsa mawu odzaza ndi besi yomveka, pamene lipenga lalifupi limatulutsa mawu opyapyala, a m'mphuno, ngakhale mutaliika m'kabati yoyenera nyumba ya mfumu.

Chiyambire pamene Emile Berliner analembetsa luso lake la galamafoni ya mbale mu 1887, makina oyambirira anali ndi lipenga loonekera panja, ndipo eni nyumba ambiri sankalikonda chifukwa linkatenga malo, linkasunga fumbi, ndiponso silinkagwirizana ndi mipando ya pabalaza. Mu 1906 kampani ya Victor ya ku Camden, m'dera la New Jersey ku America, imene mkulu wake anali Eldridge Johnson, inatulutsa Victrola, galamafoni yobisa lipenga m'kabati, pa mtengo wa madola 200. Kutsogolo kwa lipenga anaikako timakomo tiwiri totsegula kapena kutseka pofuna kukweza kapena kutsitsa mawu, ndipo pansi pake anasiya malo osungira mbale. Anthu anaikonda chifukwa cha maonekedwe, osati chifukwa chakuti inkalira bwino kuposa za lipenga la panja, popeza lipenga lobisikalo linali lalifupi ndi lopanikizika. Inagulidwa mochuluka kwambiri, moti mtundu umodzi wokha wa Victrola XI unapangidwa makina oposa 800,000 pakati pa 1910 ndi 1921. Ku Britain, The Gramophone Company, imene inayamba mu 1898 ndipo fakitale yake inali ku Hayes pafupi ndi London, inachitanso chimodzimodzi pansi pa chizindikiro chotchuka chija cha His Master's Voice, mwachidule HMV, cha galu Nipper akumvetsera m'lipenga. Nambala zimenezi muzikumbukire pamene wina akukuuzani kuti galamafoni ndi yosowa chifukwa yatha zaka 100: zambiri mwa izo n'zakale ndithu, koma zosowa ayi.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1925. Chisanafike chaka chimenecho, oimba ankajambulidwa poimbira m'lipenga, ndipo mawu otsika kwambiri ndi okwera kwambiri sankalowa m'mbale. Kampani ya Western Electric itabweretsa njira yojambulira ndi maikolofoni, mbale zatsopano zinayamba kukhala ndi besi imene makina akale sankatha kutulutsa, ndipo zinkangosokosera. Akatswiri a ku Bell Telephone Laboratories anawerengera masamu a mmene lipenga liyenera kutakatira, ndipo mu November 1925 Victor inatulutsa Orthophonic Victrola, imene mtundu wake waukulu, Credenza, uli ndi lipenga lotalika pafupifupi mamita 1.8 lopindidwa mwaluso, logawika pawiri n'kudzakumananso kukamwa. HMV inatulutsa makina ake a lipenga la mtundu umenewu, amene amatchedwa re-entrant, mu 1927. Nambala 163 ndi imodzi mwa zazing'ono pa gulu limeneli, ndipo zazikulu zake ndi 193, 194, 202 ndi 203. Apa ndi pamene galamafoni ya kabati yopukusa inafika pachimake, ndipo nthawi yake inali yaifupi, chifukwa wailesi, makina a magetsi ndi kugwa kwa chuma kwa 1929 zinaitsekera msika. Victor inagulidwa ndi kampani ya mawailesi ya RCA mu 1929, ndipo mu 1931 The Gramophone Company inaphatikizana ndi kampani ina ya mbale ya Columbia n'kupanga kampani yatsopano ya EMI.

Pali njira yosavuta yodziwira gulu la galamafoni imene mwaima nayo. Tsegulani zitseko zakutsogolo. Mukapeza kuti pamwamba pali kabowo kakang'ono ka timatabwa topendekeka ndipo pansi ponse ndi mashelefu a mbale, imeneyo ndi ya kapangidwe kakale. Mukapeza kuti kutsogolo konse ndi nsalu yotchingidwa ndi matabwa osemedwa, kuseri kwake kuli pakamwa pa lipenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo malo osungira mbale palibe, imeneyo ndiyo mukufuna. HMV 163 yeniyeni iyenera kuoneka motero, ndipo nambala yake imalembedwa pa kachizindikiro kakang'ono m'kati mwa kabati, pa thabwa limene pali gudumu loikapo mbale.

Za yonyezimira ija ndinene mwachidule. M'zaka za m'ma 1920 masitolo a mipando ndi timakampani tambirimbiri tinkapanga makabati okongola n'kuikamo injini ndi mikono yogula kwina, makamaka ya ku Switzerland kwa Thorens ndi Paillard, kapena ya Garrard ya ku England komweko. Injini zimenezi si zoipa, ndipo zina n'zolimba kwambiri, koma lipenga nthawi zambiri limangokhala kabokosi ka matabwa kapena ka malata kopanda masamu alionse, ndipo zitsulo zake zikathyoka n'kovuta kupeza zolowa m'malo chifukwa palibe amene analemba kuti chinagwiritsidwa ntchito n'chiyani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati mukufuna mpando wokometsera pabalaza, iguleni pa mtengo wa mpando wakale, koma osati pa mtengo wa chida choimbira.

Tsopano tifike pa tsiku loonera katundu, limene nyumba za okushoni zimaika tsiku limodzi kapena awiri malonda asanachitike. Tsiku limeneli ndi lofunika kuposa tsiku la malonda lenilenilo. Tengani tochi, pepala lakuda, masingano atsopano angapo ndi mbale imodzi ya 78 (mbale yakale yozungulira maulendo 78 pa mphindi) imene simungadandaule nayo itakalika, ndipo pemphani chilolezo kwa ogwira ntchito musanapukuse kanthu.

Yambani ndi lipenga. Walitsani tochi kudzera pa nsalu ya kutsogolo, kapena kumbuyo ngati thabwa lake limatseguka, kuti mutsimikize kuti lipengalo lilipo ndithu, chifukwa makabati ambiri anachotsedwa za m'kati n'kusandutsidwa mosungira mabotolo a zakumwa, ndipo ena anabwezeredwa gudumu ndi mkono pamwamba pokha kuti azioneka athunthu. Malipenga a HMV a gulu limeneli ndi achitsulo chopyapyala, choncho yang'anani dzimbiri, kuphwanyika ndi malo olumikizira amene atseguka. A Victor ambiri ndi amatabwa, ndipo vuto lawo ndi kuuma n'kung'ambika m'molumikizira. Mpweya ukamatuluka panjira besi imathawa, koma kumata ming'alu yaing'ono ndi ntchito yotheka, pamene kupeza lipenga lonse la 163 palokha n'chinthu chimene mungachidikire zaka.

Kenako yang'anani mutu. Wa HMV 163 uyenera kukhala wolembedwa nambala 5A, ngakhale mudzapeza ena atasinthidwa ndi 5B imene inabwera pambuyo pake, ndipo imeneyonso ndi yabwino. Mitu imeneyi ili ndi nembanemba ya aluminiyamu yopyapyala kwambiri, yosiyana ndi ya mitu yakale monga Exhibition imene ndi ya mwala woonekera kuseri wotchedwa mica. Nembanemba ya aluminiyamu ikabooka kapena kupindika, kuikonza ndi ntchito ya katswiri. Mdani wamkulu wa mitu ya nyengo imeneyi ndi chitsulo chosakaniza cha zinki chimene ankaumbira mbali yake ya kumbuyo, chifukwa pakapita zaka chimatupa, chimachita ming'alu ngati dothi la m'dambo m'chilimwe, ndipo pomaliza chimanyenyeka. Chimenechi sichiwotchereredwa. Mukaona ming'alu yotere, werengeranitu mtengo wa mutu wina. Kamphira kolumikiza mutu ku mkono kamakhala katauma gwa pa makina ambiri amene sanakonzedwepo, koma zimenezo zisakuopseni chifukwa katsopano kamapezeka pa mtengo wochepa. Ikani singano, ikhudzeni pang'ono ndi chala, ndipo muyenera kumva kukhudzako kukutuluka m'lipenga momveka bwino, popanda kutatarika.

Injini imafuna khutu. Pukusani handulo pang'onopang'ono. Iyenera kunka ilimba m'dzanja, ndipo ikalimba siyani, musaikakamize. Ikamangozungulira yosalimba ngakhale pang'ono, kapena ikamalimba kenako n'kumasuka mwadzidzidzi, ndiye kuti sipuling'i inaduka kapena inachoka pa mbedza yake. Masulani buleki, gudumu lizungulire, ndipo mvetserani. Kugunda kwa apo ndi apo kochokera m'kati, konga munthu akumenya chitseko, kawirikawiri si kuthyoka kwa chinthu, koma girizi wakale amene anauma n'kumata sipuling'i, imene imadzamasuka modumpha. Liwiro likamakwera n'kutsika, vuto lili pa kachipangizo ka timiyala tachitsulo tozungulira kotchedwa governor, kamene kamagwira liwiro. Ikani mbale yanu ija muone ngati injini ikumaliza mbali yonse osafooka, ndipo ngati mukufuna kuyesa liwiro, ikani kapepala m'mphepete mwa gudumu n'kuwerenga: kayenera kudutsa maulendo 39 pa theka la mphindi. Ndikuchenjezeni mwamphamvu kuti musadzatsegule nokha chitini cha sipuling'i ngati simunaphunzitsidwe, chifukwa m'menemo muli lamba wachitsulo wotalika mamita angapo, wokulungidwa mopanikiza, amene akavumbuluka amadula zala ndi nkhope.

Matabwa abwere pomaliza. Yang'anani miyendo, pansi ndi thabwa la kumbuyo ngati pali timabowo ta tizilombo tofumbula matabwa, ikani pepala lakuda lija pansi n'kugogoda pang'ono. Ufa woyera ukagwa ndiye kuti tizilomboto tikadalimo, ndipo kabati yotere musailowetse m'nyumba musanaithire mankhwala. Kathabwa kopyapyala komatidwa pamwamba kakamatuka pang'ono m'mphepete si nkhani yaikulu. Polishi wakale wothetheka ndi wakuda amayeretseka, ndipo osonkhanitsa amakonda kabati ya polishi wake woyamba kuposa imene inapalidwa ndi sandipepa n'kupakidwa vanishi wamakono wonyezimira, makamaka chifukwa opalawo amafafaniza ndi chithunzi cha galu chimene chili m'kati mwa chivundikiro. Kunyezimira kwambiri pa chinthu cha zaka pafupifupi 100 kuzikupatsani mafunso.

Chinthu china chimene ndimachiyang'ana nthawi zonse ndi mabowo opanda ntchito. Zaka zapitazo ndinagula kabati ina pa okushoni ya pa intaneti nditangoona zithunzi zitatu, ndipo itafika ndinapeza kuti m'kati anaikamo injini yaing'ono ya galamafoni yonyamula m'manja, imene sinkatha kumaliza mbale yaikulu, ndipo pambali panali bowo lachiwiri la handulo lotsekedwa ndi phula lopaka utoto. Nyumba ya okushoniyo sinaname kanthu, popeza inangolemba kuti galamafoni ya kabati, ndipo ine sindinafunse zambiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine phula lake ndinachita kuliona ndi maso. Bowo lowonjezera pambali pa kabati, kapena mabowo a masikuluwu opanda kanthu pa thabwa la injini, ndi umboni wakuti chinachake chinasinthidwa. Palinso magalamafoni achinyengo opangidwa masiku ano ku India ndi ku Pakistan, a lipenga lonyezimira la panja ndi chizindikiro cha galu chomatidwa, amene amadzaza m'misika ya zinthu zakale. Amenewa si akale ndipo amawononga mbale, koma pa makabati akuluakulu chinyengo chotere sichichitika kawirikawiri chifukwa phindu lake n'lochepa. Chimene mungakumane nacho kwambiri ndi makina osakanizidwa ngati anga aja.

Mukadzayamba kuyendayenda m'maokushoni mudzakumananso ndi makabati a Edison Diamond Disc, amene anapangidwa kuyambira 1912 mpaka 1929, ndi a Pathé a ku France. Amenewa ndi makina abwino, koma mizere ya mbale zake inadulidwa mokwera ndi kutsika, osati uku ndi uku, ndipo amagwiritsa ntchito nsonga ya dayamondi kapena ya mwala wa safiro m'malo mwa singano yachitsulo. Popanda mutu wapadera sangalize mbale wamba za 78, ndipo mbale yonenepa ya Edison mukaiika pansi pa singano yachitsulo mwaiwononga ulendo umodzi womwewo. Munthu woyamba kumene awasiye kaye.

Funso lanu la mtengo sindiliyankha ndi nambala imodzi, chifukwa nambala yoyenera imachokera pa zimene mudzapeze ndi tochi yanu, koma ndikupatsani kawerengedwe kake. Mtengo woyerekeza wa m'katalogu si lonjezo, ndi nyambo chabe yokopera ogula, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso mtengo wotsikitsitsa umene mwini katundu anagwirizana ndi nyumba ya okushoni, umene ukapanda kufikidwa katunduyo sagulitsidwa. Ife tinazolowera kumva za okushoni ya fodya ku Kanengo kapena ku Limbe, kumene nkhani imakhala ya ndalama zimene mlimi wogulitsa wadulidwa, koma pa okushoni ya zinthu zakale wogulanso amalipira ndalama yapamwamba, imene ku Britain kawirikawiri imakhala pakati pa 20 ndi 30 peresenti ya mtengo umene nyundo yagundira, ndipo pa ndalama yapamwambayo pamabweranso msonkho wa VAT wa 20 peresenti. Tiyerekeze kuti nyundo yagunda pa mapaundi 100 ndipo nyumbayo imatenga 25 peresenti: mulipira 100, kuwonjezera 25, kuwonjezeranso 5 ya msonkho, zonse pamodzi 130. Mukapikisana kudzera pa intaneti pamakhalanso kandalama kena kowonjezera. Pamwamba pa zimenezi ikanipo galimoto yonyamulira, popeza kabati yotere imafuna anthu awiri ndipo silowa m'galimoto yaing'ono, ikanipo kutsukitsa injini ndi kukonzetsa mutu, ndipo dziwani kuti nyumba zambiri zimalipiritsa ndalama yosungira katundu mukachedwa kukamutenga.

Chotero muyambire kumapeto. Ganizani ndalama yonse imene mukulolera kuti ituluke m'thumba mpaka galamafoniyo italira m'nyumba mwanu, chotsanipo zonyamulira, zokonzetsa ndi ndalama yapamwamba ija, ndipo yotsalayo ndiyo malire anu. Kuti mudziwe ngati malirewo ndi anzeru, yang'anani mitengo imene HMV 163 zina zinagulitsidwadi m'maokushoni a miyezi yapitayi, imene nyumba zambiri zimaisiya poyera, osati mitengo imene amalonda amatchula pa katundu amene wakhala chaka chonse osagulidwa. Lembani nambalayo papepala. Ngati mukudzidziwa kuti mtima umakuthamangani mukaona wina akukweza dzanja, siyani nambalayo kwa a nyumba ya okushoni malonda asanayambe kuti iwo akupikisanireni mpaka pa malire anuwo. Ndipo ngati simungathe kupita kukaona nokha, lemberani nyumbayo kupempha lipoti la mmene katunduyo alili, mufunse mafunso olunjika: kodi lipenga lilipo lonse, pa mutu palembedwa nambala yanji, injini ikumaliza mbali imodzi ya mbale, pali timabowo ta tizilombo? Pemphani zithunzi za pansi pa gudumu ndi za kumbuyo. Katundu wa pa okushoni amagulitsidwa mmene alili, ndipo nyundo ikagunda mwagula.

Pa nkhani yosungiramo ndalama, yankho langa ndi lakuti ayi. Makabati anapangidwa ochuluka, ndi olemera, nyumba za masiku ano n'zazing'ono, ndipo mipando yakale ya matabwa akuda yakhala ikutsika mtengo ku Britain kwa zaka zambiri. Si zachilendo kuona kagalamafoni konyamula m'manja ka HMV 102 ka mtundu wofiira kapena wobiriwira kakugulidwa ndalama zambiri kuposa kabati yaikulu ya kapangidwe kakale. Zimene zimasunga mtengo wake ndi zochepa zimene osonkhanitsa amazifunafuna, monga 202 ndi 203, koma ngakhale pa zimenezo kumbukirani kuti pogula mumalipira ndalama yapamwamba ndipo pogulitsa amakudulaninso ina. Ngati mukufuna kusonkhanitsa, sankhani njira imodzi yopapatiza, mwachitsanzo makina a HMV a pakati pa 1925 ndi 1931, muidziwe bwino, ndipo mugule makina amodzi abwino m'malo mwa anayi odwala amene adzadzaza galaja. Kulowa bungwe la City of London Phonograph and Gramophone Society, limene lilipo kuyambira 1919, kudzakuthandizani kudziwana ndi anthu okonza mitu ndi injini, ndiponso makina abwino ambiri amasinthana manja pakati pa mamembala osafika n'komwe pa okushoni.

Mukapambana, musanainyamule lolani injini izungulire mpaka sipuling'i ithe mphamvu, masulani handulo poizungulitsa chobwerera m'mbuyo, zulani gudumu, chotsani mutu muukulunge paokha, mangani mkono kuti usamenyeke, ndipo khuthulani timiphika ta masingano kuti asagwere mu injini. Miyendo ndiyo imathyoka msanga, choncho musaikoke pansi. Ikafika kunyumba, lamulo limene anthu ambiri amaliphwanya ndi la singano: singano yachitsulo imodzi ndi ya mbali imodzi ya mbale, kenako itayidwe. Mbale za 78 anazipanga ndi utomoni wotchedwa shelaki wosakaniza ndi ufa wa miyala, kuti singano iziperesedwa m'malo mwa mbale, ndipo singano yoperesedwa kale ikabwerezedwa pansi pa mutu wolemera magalamu oposa 100 imasanduka tchizulo. Masingano atsopano akupangidwabe mpaka lero, a mawu okwera, apakati ndi otsika, ndipo pa 163 m'chipinda chaching'ono otsikawo ndi okwanira. Mbale zapulasitiki zimene zinayamba kutuluka mu 1948 zisayandikire galamafoni imeneyi, ndipo mbale za shelaki musazipukute ndi sipiriti, chifukwa amazisungunula.

Zoitumiza kumudzi n'zotheka, koma muwerengere bwino. Katundu wa pa sitima amalipiridwa potengera malo amene watenga, kabatiyo iyenera kukhomeredwa m'bokosi la matabwa othiridwa mankhwala kapena owotchedwa motsata lamulo la pakati pa maiko la matabwa opakiramo katundu lotchedwa ISPM 15, ndipo ikatsika pa doko la Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban idzayendanso ulendo wautali pamsewu. Za msonkho mufunse ku Malawi Revenue Authority katundu asananyamuke, osati atafika kale pa chipata. Zonsezi pamodzi zingathe kuposa mtengo wa galamafoniyo kangapo, pokhapokha ngati ikulowa m'kontena imodzi ndi katundu wanu wina wa m'nyumba. Ikafika idzakumana ndi chinyezi cha dzinja chimene chimamatula guluu wakale, ndi chiswe chimene sichisankha thabwa la ku England, choncho idzafune chipinda chouma cha simenti, kutali ndi khoma ndi dzuwa la pawindo. Ubwino wake ndi wakuti magetsi akazima iyo imalirabe, ndipo pa chifukwa chomwecho musatengeke ndi makabati a injini ya magetsi a nyengo imeneyo, amene mawaya ake anafumbwa kale, makamaka a ku America amene anapangidwira mphamvu ya mavoti 110.

Ndikukhulupirira kuti galamafoni ya agogo anu sinali ya kabati. Zimene anthu a ku migodi ya ku Joni ndi a ku Southern Rhodesia ankabwera nazo zinali zonga kasutikesi, zotheka kunyamula pa sitima, pa basi ndi pamutu, ndipo ngati chimene mukufunafuna ndi kulira kumene munamva muli mwana, HMV 101 kapena 102 (yachiwiriyi inatuluka mu 1931) ndiyo idzakufikitseni pafupi, ndiponso idzakwera nanu ndege popanda bokosi la matabwa. Mungathe kusangalala ndi 163 pamene muli ku Leicester, n'kudzaigulitsa pochoka, kumudzi n'kupita ndi yaing'onoyo.

Koma mukapita kumudzi, funsani azakhali ndi amalume ngati m'masutikesi akale kapena pansi pa bedi mulibe mbale za agogo zimene zinatsala. Mbale za 78 za nyimbo za kuno kwathu ndi maiko oyandikana nafe, monga za kampani ya Gallo imene Eric Gallo anayambitsa ku Johannesburg mu 1926, kapena za nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula poyendayenda m'maiko a kuno kuphatikizapo Nyasaland, zinadindidwa zochepa, zinalizidwa ndi singano imodzi mpaka kuyera, ndipo zambiri zinasweka. Zimenezo ndizo zosowa zenizeni, kuposa kabati iliyonse imene mudzaione pa okushoni ya ku Leicester. Mukazipeza musaziike pansi pa singano yachitsulo ngakhale kamodzi. Zilizidwe pa makina amakono a mkono wopepuka okhala ndi nsonga yopangidwira mbale za 78, zijambulidwe pa kompyuta, ndipo ponyamula muziimike chilili, iliyonse pakati pa makatoni awiri olimba, m'chikwama chimene mukwere nacho m'manja.